Ndamasulira pulogalamu ya malemu malume kupita ku Python, koma masamu akusiyana

Mphunzitsi_wa_Dedza walemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima.

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Dedza, komanso ndine mlembi wa gulu lathu la aphunzitsi losunga ndi kubwereketsana ndalama. Masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, zonse timawerengera pa kapulogalamu kamene malemu malume anga analemba mu 2004 pa chiyankhulo cha khodi chotchedwa Visual Basic 6 (VB6), ndipo mayina ndi manambala zimasungidwa mu fayilo ya Access. Malumewo ndiwo anali msungichuma woyamba. Khodi anaphunzira okha m'chibuku china chonenepa chothothoka chikuto, mpaka lero chili m'sutikesi kumudzi. Iwo anatisiya mu 2016, kapulogalamu n'kutsala kakugwirabe ntchito pa chikompyuta chakale chija chomwe chimalira ngati chigayo.

Chaka chatha pa msonkhano wa gulu, amayi msungichuma atadina batani lophatikiza ndalama zonse, panangotuluka kabokosi: Run-time error '6': Overflow. Anthu anayamba kung'ung'udza ngati ndalama zasowa. Nditafufuza ndinapeza kuti malume ankasunga chiwonkhetso m'matambala, mu mtundu wa nambala wotchedwa Long, ndipo Long ya VB6 imathera pa 2,147,483,647. M'makwacha ndi K21,474,836.47 basi. Mu 2004 ndani akanalota kuti kagulu ka aphunzitsi kadzafika pamenepo? Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinakweza masheya, mamembalanso achuluka, ndiye mphika unasefukira.

Ine Python ndinaiphunzira pang'ono pa foni. Ndinatenga mizere yonse ya malume, pafupifupi 1,900, n'kumaipatsa AI ina ya pa intaneti chigawo chigawo kuti indimasulire. Zinatenga masabata atatu ndi mabandulo osawerengeka. Pulogalamu yatsopano ikuyenda bwinobwino, sikudandaula chilichonse. Vuto labwera nditafananiza ndi chiwongoladzanja chomwe yakale inawerengera pa 1 Malichi. Pa ngongole 163, zogwirizana ndi 141. Zina 19 zikusiyana ndi K1 yokha. Zitatu zikusiyana kwambiri, ina mpaka K15,000. Komanso pali mamembala 6 omwe ndikalemba dzina lawo kuti ndiwafufuze, pulogalamu ikuti kulibe munthu wotero, chonsecho ndikuwaona m'ndandanda.

Mzere wa malume ndi uwu:

chi = Format(ndalama * 5 / 100 * miyezi, "0")

Wa Python ndi uwu:

chi = round(ndalama * 5 / 100 * miyezi)

Ine ndikuona chinthu chimodzimodzi. Koma munthu wa ngongole ya K84,250 ya mwezi umodzi, yakale ikuti K4,213, yatsopano ikuti K4,212. Kodi chilipo chida chomwe chimamasulira khodi osasintha kanthu? Kapena ndikanasankha Java? Msonkhano uli pafupi ndipo aphunzitsi, mukuwadziwa, K1 amaifunsa.

Nachisale_BT walemba:

Aphunzitsi, za K1 zija ndi zosavuta, tiyambe ndi zimenezo. Tengani choko: 84,250 kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 100, ndi 4,212.5. Nambala yaima pakatikati. M'kalasi mumaphunzitsa ana kuti theka limakwera, ndipo Format ya VB imachita chomwecho, n'chifukwa chake 4,213. Koma round ya Python 3 ikafika pa theka lenileni imapita ku nambala yogawika ndi 2 yomwe ili pafupi. Yesani nokha: round(0.5) ikupatsani 0, round(1.5) ikupatsani 2, round(2.5) ikupatsaninso 2. Ndiye 4,212.5 yatsika kukhala 4,212, pomwe munthu wa K84,270, yemwe chake ndi 4,213.5, mapulogalamu onse awiri anena 4,214. N'chifukwa chake osiyana ndi ochepa chabe. Opanga Python anachita dala, kuti pophatikiza manambala ambiri matheka ena akwere ena atsike, chiwonkhetso chisamangopendekera mbali imodzi.

Choseketsa n'chakuti VB nayo ili ndi Round yake yomwe imapita ku nambala yogawika ndi 2 ngati ya Python 3. Malume anu anasankha Format, mwina anaona okha kuti Round ikuwapatsa zachilendo. Ndipo Python 2 inkakweza theka, zinasintha pa Python 3.0 mu 2008. Ndiye onani, mawu amodzi omwewo, tanthauzo kumasintha ngakhale m'banja limodzi.

Konzani chonchi:

from decimal import Decimal, ROUND_HALF_UP

chi = (Decimal(ndalama) * 5 / 100 * miyezi).quantize(Decimal("1"), rounding=ROUND_HALF_UP)

Ndipo chonde, ndalama musamasunge mu float (mtundu wamba wa nambala za kadontho) paliponse. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python muone, ikupatsani 0.30000000000000004. Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1, ndipo 0.1 m'kawerengedwe kameneko satha, monga 1/3 satha mukamalemba 0.3333. Pa ngongole imodzi simungaone kanthu, koma mukaphatikiza za zaka zingapo matambala amayamba kusochera.

Java sikanakupulumutsani. Double yake ndi float yomweyi, ndipo kumeneko mukanafunikanso BigDecimal, yomwe ndi Decimal ya ku Java. Math.round(2.5) ya Java ndi 3, inde, koma Math.round(-2.5) ndi -2, pomwe Format ya VB ikanati -3. Kulikonse kuli kadzenje kake.

Za K15,000 sizichokera pa mzere mwationetsawu. K15,000 ndi 5 peresenti ya K300,000, ndiye kuti penapake pasowa mwezi wathunthu. Tionetseni pomwe pakuchokera miyezi, mbali zonse ziwiri.

Madala_wa_Joni walemba:

Aphunzitsi, pepani ndiyankhula ngati nkhalamba. Inu munali ndi nyumba yodontha pamalo amodzi, mwagwetsa yonse n'kuyamba kuumba njerwa zatsopano. Vuto lanu linali Long. Mukanasintha mawu amodziwo kukhala Currency, n'kusinthanso mtundu wa danga lake mu Access, nkhani ikanathera pomwepo. Currency ya VB6 imafika pa 922,337,203,685,477.5807 ndipo imasunga malo anayi pambuyo pa kadontho mosaphonya. Gulu lanu likadzafika pamenepo mudzandiitane. N'zoona Microsoft inasiya kusamalira chida cholembera VB6 mu Epulo 2008, koma mapulogalamu olembedwa kale amayendabe pa Windows 10 ndi 11.

Ndagwira ntchito yosamutsa mapulogalamu kuno ku Johannesburg zaka zambiri, ena kuchokera ku VB6 kupita ku C#, ena a COBOL. COBOL ndi ya 1959, ana a masiku ano amaiseka, koma munthu akalemba PIC 9(7)V99 ndiye kuti wanena kuti manambala 7 kutsogolo, 2 kumbuyo, ndipo tambala silisowa. Mabanki sakuisunga chifukwa cha ulesi ayi.

Funso lanu loti chilipo chida chomasulira osasintha kanthu, ndikuyankhani chonchi. Inu mwatiuza kuti pulogalamu analemba ndi malume. Mukauza mzungu, iye amva "uncle", ndipo womasulira sanalakwe. Koma ife tikudziwa kuti pa chinkhoswe kapena pa mlandu wa m'banja, malume ndi bambo aang'ono sakhala pa mpando umodzi. Liwu lawoloka, udindo watsala tsidya lino. Zida zomasulira khodi, kaya ndi AI kaya ndi zakale zija, zimawolotsa mawu bwino kwambiri. Chomwe zimataya ndi zija chiyankhulo chimachita mwakachetechete osalembedwa pa mzere.

Poti mwayamba kale, ndikutchulireni mwina mobisala njoka mu VB6. Choyamba chimene chinandilumapo ine ndi ByRef. Mu VB6 mukapereka nambala ku Sub (kachigawo ka pulogalamu koitanidwa ndi dzina) osanena kanthu, Sub ija imalandira nambala yeniyeniyo, ikaisintha ndiye kuti yasinthikanso kwa woitana. Anthu ophunzira okha ngati malume anu ankadalira zimenezi osadziwa n'komwe kuti zili ndi dzina: aitana Sub yochotsa chindapusa, akabwerera apeza ndalama yachepa kale. Mu Python nambala mukaipereka ku function, n'kuisintha m'katimo, kunja imakhala momwe inalili. Palibe uthenga wa vuto womwe ungatuluke. Chindapusa chimangosowa. Pitani mu Sub iliyonse muone ngati ikusintha chinthu chomwe yalandira.

China, True mu VB6 ndi -1, mu Python ndi 1. Mukapeza mzere ngati chiwerengero = chiwerengero - (ndalama > 0), dziwani kuti malume ankaonjezera, sankachotsa. Mukaukopera momwe ulili, Python iwerenga chobwerera m'mbuyo. Kugawa nakonso: -7 \ 2 mu VB ndi -3, koma -7 // 2 mu Python ndi -4, chifukwa Python imatsikira pansi pomwe VB imangodula mchira. Mudzati ngongole sikhala ndi minus, koma tsiku lina wina adzabweza mopitirira. For i = 1 To 12 imafika pa 12, range(1, 12) imathera pa 11, ngakhale chimenechi AI nthawi zambiri imachigwira.

Koma chachikulu, fufuzani mawu akuti On Error Resume Next. Mzere umenewu umauza VB kuti ukakumana ndi vuto usanene, ungodumpha upitirire. Python ilibe khalidwe limenelo, imaima n'kukuwa. Womasulira akafuna kuti pulogalamu isaime amakulunga zonse mu try ndi except: pass, n'kukhala kuti wasamutsa matenda pamodzi ndi wodwala. Pamalo aliwonse otero mudzifunse kuti malume ankabisa vuto lanji pamenepa. Nthawi zambiri ndi kugawa ndi ziro kapena danga lopanda kanthu.

Overflow yanu isakuchititseni manyazi. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika ku Kourou pasanathe ndi mphindi imodzi chinyamukire. Khodi anaitenga ku Ariane 4, komwe inkagwira bwino ntchito, ndipo penapake inkathira nambala ya mabiti 64 m'kabotolo ka mabiti 16, komwe sikapitirira 32,767. Roketi yatsopanoyo inali yothamanga kuposa yakale, nambala inakula, kabotolo kanasefukira. Amene analemba anali akatswiri a ku Ulaya, m'chiyankhulo cha Ada chomwe chimatchuka ndi kusamala. Malume anu analakwitsa mofanana ndi anthu amenewo, kungoti iwo inawatengera zaka 20.

Kamtedza265 walemba:

Madala anena zambiri, ine ndingofunsa za mayina 6 aja. Aphunzitsi, kodi si mayina okhala ndi ng' kapena m'? Monga Ng'oma, Mang'anda, Ching'ombe? Ndikufunsa chifukwa zinandichitikira pa ntchito ya kusukulu. Mapulogalamu akale ambiri ankamanga funso la SQL (chiyankhulo chofufuzira zinthu mu fayilo ngati ya Access) pongolumikiza mawu, ndiye dzina lokhala ndi kachizindikiro kameneka linkadula chiganizo pakati, pulogalamu n'kugwa. Anthu ankazemba posintha kachizindikiro kowongoka kukhala kopindika kaja ka mu Word. Pamaso timaoneka tofanana, koma kwa kompyuta kowongoka ndi nambala 39, kopindika mu Windows-1252 ndi 146. Inu mukulemba kowongoka pa kiyibodi, mu fayilo muli kopindika, sizingakumane.

Ngati munatulutsa mayinawo mu CSV ndipo Python inakanapo kuwerenga n'kutchula byte 0x92 (ndi 146 yemweyo m'kalembedwe kena), ndi komweko. Tsegulani ndi encoding="cp1252", sinthani tonse tikhale towongoka, kenako sungani mu UTF-8. Pofufuza gwiritsani ntchito chizindikiro cha ? pamalo pa dzina mu SQL m'malo molumikiza mawu, vuto lakalelo silibweranso. Bonasi yake, tsopano mutha kulemba ŵ, yemwe mu Windows-1252 mulibe.

Koma madala, pa zoti akanangosintha Long sindikuvomereza kwenikweni. Chida cholembera VB6 achipeza kuti lero? Ndipo chikompyutacho chikadzafa, adzakonze ndani? Python ana awo a Fomu 4 atha kuiwerenga.

Mphunzitsi_wa_Dedza walemba:

Zikomo nonse, ndagona mochedwa dzulo. A Kamtedza mwalasa. Onse 6 ndi a ng'. Ndapeza mzere uwu pa fomu yolembetsa mamembala:

dzina = Replace(dzina, "'", Chr(146))

Pamwamba pake malume analemba ndemanga ya mawu awiri: "osachotsa ichi". AI inamasulira mzerewo pa fomu yolembetsa, koma bokosi lofufuzira ndinalemba ndekha ndipo sindinadziwe. Uthenga wa 0x92 uja ndinauonadi, ndinangoika errors="replace" kuti usandisokoneze. Mlandu ndi wanga.

Achemwali a Nachisale, Decimal yagwira, 19 aja onse agwirizana. Nayi miyezi. Ya malume:

miyezi = DateDiff("m", tsikuLotenga, lero)

Ya Python:

r = relativedelta(lero, tsiku_lotenga)

miyezi = r.years * 12 + r.months

Madala, mawu anu ndawamva ndipo akuwawa chifukwa ndi oona. Koma CD ya VB6 ya malume inathyoka kalekale, ndipo amayi msungichuma akufuna kuti tsiku lina azitha kuona mabuku pa foni. On Error Resume Next ndawerenga, ilipo malo 27.

Nachisale_BT walemba:

Ndi pamenepo. DateDiff ya "m" siwerenga miyezi yathunthu, imawerenga kuti kalendala yatembenuzidwa kangati. Kuchokera pa 31 Januwale kufika pa 1 Febuluwale, kwa iyo ndi mwezi umodzi, ngakhale papita usiku umodzi wokha. Pomwe relativedelta imadikira kuti tsiku la mwezi lifikenso. Ndikuganiza kuti ngongole zanu zambiri zimalembedwa pa 1, n'chifukwa chake njira ziwirizi zikugwirizana. Atatu ajawo onani masiku awo, mupeza kuti anatenga chakumapeto kwa mwezi. Wotenga pa 28 Januwale, pofika pa 1 Malichi malume akuti miyezi iwiri, Python ikuti umodzi.

Kuti ifanane ndi yakale:

miyezi = (lero.year - tsiku_lotenga.year) * 12 + (lero.month - tsiku_lotenga.month)

Langizo langa, panopa musakonze chilichonse chomwe mukuona ngati malume analakwitsa. Yambani mwapangitsa yatsopano kutulutsa ndendende zomwe yakale imatulutsa, ngakhale zooneka zopusa. Chikompyuta chakale chisanafe, tulutsani zotsatira za miyezi yambiri momwe mungathere, zaka zitatu kapena kuposa, musunge mu fayilo, mulembe kapulogalamu kofananiza mzere ndi mzere. Mwezi umodzi wa Malichi sukwanira, mulibe Disembala wolowa mu Januwale, mulibe 29 Febuluwale ya 2024. Zikagwirizana zonse, ndiye muzisintha chimodzichimodzi gulu likudziwa. Mukasakaniza kumasulira ndi kukonza, nambala ikasiyana simudziwa kuti walakwa ndani.

Madala_wa_Joni walemba:

Achemwaliwa anena zoona. Ndingoonjeza kuti funso loti mwezi n'chiyani si lanu aphunzitsi, ndipo si la Python. Onani m'malamulo a gulu. A Kamtedza, za chida cholembera VB6 mwandigonjetsa, koma aphunzitsi, malo 27 a On Error Resume Next aja muwawerengenso bwino, ndi ntchito ya holide yonse.

Mphunzitsi_wa_Dedza walemba:

Ndabwera ndi lipoti. Zonse 163 zagwirizana tsopano. Atatu aja analidi a ngongole zadzidzidzi, za pa 24, pa 28 ndi pa 30 Januwale. Ngongole wamba amayi msungichuma amazilemba pa 1 nthawi zonse, zadzidzidzi zokha ndi zomwe zimalembedwa tsiku lenileni.

Malamulo a gulu ndawawerenga, masamba anayi otayipa pa makina akale aja. Akungoti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pa mwezi. Mwezi sanaufotokoze. Ndinapita kwa amayi msungichuma ndi laputopu, ndikudziona ngati ndatulukira chinthu chachikulu, n'kuwafotokozera kuti pulogalamu yakhala ikulipiritsa anthu mwezi wathunthu pa masiku atatu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuseka. Akuti, "Aphunzitsi, mwadziwa lero? Nanga mumayesa n'chifukwa chiyani munthu akabwera pa 27 ndimamuuza kuti apirire mpaka pa 1? Malume anu ankati mwezi ukaugwira ndi chala, waudya." Ndiye kuti aliyense wakale m'gululi amadziwa, ndipo lamulolo silinalembedwe paliponse kupatula mu DateDiff muja. Kaya malume anasankha DateDiff chifukwa cha lamulolo, kaya lamulolo linabadwa chifukwa DateDiff inkatero iwo n'kungolipezera mwambi, amayiwo akuti zimenezo ndikafunse kumanda.

Chomwe chikundivuta n'chakuti opirira mpaka pa 1 ndi omwe akufuna malata kapena feteleza. Wa K300,000 uja anatenga pa 28 chifukwa cha bokosi ndi galimoto yonyamula maliro a mkazi wake kuchokera ku Lilongwe. Ameneyo sakanadikira, ndipo ndi amene walipira K15,000 ya masiku anayi. Pulogalamu ndaisiya ikuwerenga ngati ya malume, monga mwandilangizira, koma ndapempha wapampando kuti nkhani ya ngongole za maliro ilowe pa mndandanda wa zokambirana Loweruka likubwerali. Anayankha kuti ilowa pambuyo pa nkhani ya yunifolomu ya kwaya, nthawi ikakhalapo.

Panopa ndikutulutsa zotsatira zakale kuyambira Januwale 2021. Chikompyuta chija chikumazima chokha chikatentha, ndiye ndachitsegula m'mbali n'kuchiikira fani ya kuchipinda. Ndafika pa Ogasiti 2022. Mwa 27 aja ndaona anayi, ndipo wachitatu ukubisa kugawa ndi ziro pa membala yemwe alibe masheya. Madala, pamenepo VB imasiya nambala yakale ija ya membala wapitayo mu variable, eti? Chifukwa ngati ndi choncho, pali wina amene wakhala akulandira phindu la mnzake.